Modecai Msisha

A Modecai Msisha ndi loya wa ku Blantyre wodziwika pa milandu ya zamalonda ndi ya malamulo oyendetsera dziko. Anatsogolera maloya a Lazarus Chakwera pa mlandu wa chisankho cha 2019, umene khoti linagamula pa 3 February 2020 kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso. Ena amati loya wotere ndi wa makampani okha, poti mlimi wa fodya wa ku Santhe sangakwanitse kuwalipira. Za mtengozo n'zoona. Komabe luso lofukula chinyengo m'mapepala, limene limanoledwa pa milandu ya ngongole ndi mapangano, ndilo linafunika pounika mafomu a zotsatira opakidwa Tippex, momwe munali voti ya mlimi yemweyo. A Chakwera atawasankha kukhala nduna ya zachilungamo m'chaka cha 2020, a Msisha anaukana udindowo.