WorldCat

WorldCat ndi kaundula wa pa intaneti wosonyeza mabuku, magazini ndi zinthu zina zosungidwa m'malaibulale masauzande ambiri a m'maiko osiyanasiyana. Kaundulayu amayendetsedwa ndi bungwe la OCLC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967 ku Ohio, m'dziko la United States, motsogozedwa ndi Frederick Kilgour. Laibulale ya Alden ya pa Ohio University ndiyo inayamba kulowetsamo mabuku pa 26 Ogasiti 1971.

Laibulale imodzi ikalemba dzina la buku, mlembi, wosindikiza ndi chaka, malaibulale ena amangokopera m'malo molembanso, zomwe zimachepetsa ntchito ndi ndalama zowononga. Asanagule buku, ogwira ntchito amathanso kuona ngati laibulale ina ili nalo, n'kungolibwereka.