Ndani Apatuke? Mbiri ya Oyenda Pansi m'Misewu ya Pretoria

Pa mwambo wa Achewa, anthu awiri akakumana pa njira yopapatiza sipakhala kufunsana kuti apatuke ndani. Mwana amapatukira wamkulu, ndipo mkamwini amalowera kutchire akaona apongozi ake akubwera. Njira imaulula ulemu umene munthu amapatsidwa. Boma likamakonza malamulo a pamsewu limayankha funso lomwelo, ndipo mumzinda wa Pretoria, kwa zaka zambiri, yankho lake linkatengera khungu la munthu.

Mzindawu unakhazikitsidwa mu 1855 ndi Marthinus Pretorius, ndipo unadzakhala likulu la dziko la Maburu la Transvaal. Pofika m'zaka za m'ma 1890, m'matauni a dzikolo munali malamulo oletsa anthu akuda, Amwenye ndi makaladi kuyenda pa kanjira kokonzedwa m'mbali mwa msewu, kutsogolo kwa masitolo ndi nyumba. Malo awo anali mumsewu mwenimweni, pamodzi ndi akavalo ndi ngolo za ng'ombe, m'fumbi nthawi ya chilimwe ndi m'matope nthawi ya dzinja.

Mmodzi mwa amene analawa lamuloli ndi Mohandas Gandhi, loya wachinyamata amene anafika ku Pretoria mu 1893 kudzathandiza pa mlandu wa wamalonda Dada Abdulla. Nthawi imeneyo Mmwenye sankaloledwa kupezeka panja ikakwana 9 koloko usiku popanda chiphaso, koma Gandhi anapatsidwa kalata yomuteteza kwa apolisi. Kalatayo sinamuthandize tsiku lina pamene ankadutsa pafupi ndi nyumba ya Pulezidenti Paul Kruger. Wapolisi wolondera, popanda ngakhale kumuuza kuti achoke, anamukankha ndi kumumenya theche mpaka kumugwetsera mumsewu. Mnzake wachizungu, Michael Coates, amene ankadutsa pa kavalo, anaona zonse nadzipereka kukachitira umboni kukhoti. Gandhi anakana kusuma. Wapolisiyo anapepesa, komabe Gandhi sanadzerenso msewu umenewo. Nyumba ya Kruger ilipo mpaka lero, mumsewu umene kale unkatchedwa Church Street, tsopano WF Nkomo.

Nkhaniyi imakumbukiridwa chifukwa wokankhidwayo anadzatchuka. Antchito a m'nyumba ndi onyamula katundu amene ankaona zomwezo tsiku ndi tsiku palibe anawalemba maina. Angerezi atalanda Pretoria mu June 1900, zinthu sizinasinthe msanga, moti nyuzipepala ya Indian Opinion, imene Gandhi anathandiza kuyambitsa mu 1903, inkadandaulabe za tinjira timeneti.

Chimene chinasiya bala lalikulu, komabe, si lamulo la kanjira ayi, koma mamangidwe a mzinda. Atteridgeville inakhazikitsidwa mu 1939 kumadzulo, Mamelodi mu 1953 kum'mawa, ndipo pambuyo pa lamulo la Group Areas la 1950 anthu a ku Lady Selborne, amene anali ndi malo awoawo pafupi ndi tauni, anasamutsidwa mokakamiza. Wantchito anaikidwa kutali ndi ntchito yake. Mu January 1957, kampani ya mabasi ya PUTCO itakweza mtengo ndi kobiri imodzi, anthu a ku Alexandra ku Johannesburg ndi a ku Lady Selborne ananyanyala mabasi n'kumayenda pansi ulendo wopita ndi wobwerera, kwa miyezi pafupifupi itatu. Miyendo inasanduka chida chandale, m'misewu imene sinamangidwe poganizira munthu wapansi.

Lero lamulo linatembenuka. Malamulo a m'chaka cha 2000, ochokera pa lamulo la National Road Traffic la 1996, amati pamene pali kanjira ka m'mbali, woyenda pansi asayende mumsewu pokhapokha akuwoloka. Malo amene agogo ankathamangitsidwapo ndi amene mdzukulu akukakamizidwa kuyendapo. Pamene palibe kanjira, ayende m'mphepete mwa kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto akubwera. Pa malo owolokera olembedwa mizere yoyera, dalaivala ayenera kuchepetsa liwiro kapena kuima kuti wapansi adutse, ndipo galimoto ina isapitirire imene yaimira munthu. Nayenso wapansi asangotulukira mwadzidzidzi pamene dalaivala sangathe kuima, ndipo pa maloboti atsate nyali. Mawu akuti maloboti, amene Chichewa chinawalandira kalekale, ndi katchulidwe ka kum'mwera kuno kwa Africa; ku London munthu angadabwe nawo.

Malamulowa ndi abwino, koma mphamvu yake imathera pamene pathera penti ndi simenti. M'misewu ya pakati pa tauni ndi ku Sunnyside tinjira tilipo, pansi pa mitengo ya jacaranda. M'madera a mikhukhu, kumene kumakhalanso Amalawi ambiri ofuna maganyu, kawirikawiri kulibe kanjira, kulibe nyali za usiku, ndipo njira yachidule yopita ku ntchito imadutsa misewu ikuluikulu monga N4 kapena R80, kumene lamulo limaletseratu woyenda pansi. Liwiro lovomerezeka m'tauni ndi makilomita 60 pa ola, lokwanira kupha munthu. Ku South Africa anthu oposa 10,000 amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo pafupifupi anayi mwa khumi alionse amakhala oyenda pansi.

Funso lakale lija linabweranso posachedwapa ndi nkhope ina. Bungwe la Road Accident Fund, limene limapereka chipukuta misozi kwa ovulala pa ngozi za pamsewu, linalamula mu 2022 kuti mlendo wochokera kunja ayambe wasonyeza umboni woti anali m'dzikomo movomerezeka. Mu March 2024 khoti lalikulu la ku Pretoria linathetsa zimenezi. Mlandu wonse unagona pa mawu awiri a m'lamulo lokhazikitsa bungwelo, otanthauza munthu aliyense, ndipo oweruza anati mawuwo sasankha wokhala ndi mapepala kapena wopanda. Bungwelo silinakhutire, linachita apilo.