TEBULO LA 12 NDI TIKITI YA MASIKU 30

Nkhani yathu ya lero ndi ya masamu awiri amene ana a m'makalasi otsiriza a sukulu ya pulaimale amalimbana nao tsiku ndi tsiku, ndiwo kuculukitsa ndi kugawa. Ana ambiri amayesa kuti masamu amenewa ndi mtolo umene aphunzitsi amawasenzetsa kufikira tsiku la mayeso, pambuyo pace nkuutula. Tsono tiyeni tinke ku Concession, m'cigwa ca Mazowe, tikaone m'mbiri ya anchito a m'mapulazi kuti panali nthawi imene munthu wodziwa kugawa 360 ndi 6 ndiye anali kudziwa mwezi umene adzaonananso ndi banja lace, pamene wosadziwa anali kungodikira mau a wina.

Concession ndi kamzinda ka kumpoto kwa Harare, m'mbali mwa njanji imene inafika ku mgodi wa Shamva m'caka ca 1913. Dzina lace ndi liu la Cingerezi lotanthauza cilolezo, pakuti malowo anayamba kudziwika ndi cilolezo cofuna golidi cimene anapatsidwa munthu wa ku America, Henry Clay Moore. Koma cuma ceniceni ca cigwaco cinali dothi lace lakatondo. Azungu anatsegula minda yaikulu ya cimanga ndi ya malalanje, pambuyo pace ya fodya ndi thonje. Damu la Mazowe linatha kumangidwa m'caka ca 1920, ndipo lamulo logawa dziko la 1930 linatsimikiza kuti nthaka yabwinoyo ikhale m'manja mwa Azungu, eni dziko, Amashona, atapanikizidwa m'madera monga la Chiweshe. Amashonawo, pokhala nayo minda yao ngakhale yocepa, sanali kukonda kukhalitsa pa pulazi, cotero eni mapulazi anayang'ana kumpoto.

Kumpotoko kunali amuna osowa ndalama ya msonkho. Acewa, Amang'anja, Ayao, Angoni, Atonga ndi Alomwe a ku Nyasaland, Ansenga ndi Acewa a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, pamodzi ndi Asena ndi Anyungwe a m'cigwa ca Zambezi, anali kuyenda pansi milungu ingapo, nalowa dzikolo pa Mutoko kapena pa Mount Darwin. Ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anchito limene linayamba m'caka ca 1903, lija anthu analipatsa dzina la cibalo. Komiti imene Boma la Nyasaland linaika m'caka ca 1935 inaganiza kuti amuna okwana 120,000 anali kunja kwa dziko lao. Caka cotsatira maiko atatu anapangana za anchito amenewa, ndipo panayamba magalimoto a Ulere onyamula anthu osalipira. M'caka ca 1946 kunadza bungwe lina, lija la Mthandizi. Ambiri a iwo sanabwererenso kwao, nakhala machona, ndipo ndiwo anafika ndi gule wamkulu m'makomboni a Mazowe.

Munthu akalembedwa nchito anali kulandira tikiti, kapepala kokhala ndi malo a masiku 30. Madzulo kapitao kapena kalaliki anali kucongapo tsiku limodzi, ngati mgwazo wa tsikulo watha. Tsiku la matenda kapena la mgwazo wosatha silinali kucongedwa. Malipiro anali kubwera tikiti ikadzaza, osati mwezi ukatha ai. Apa ndi pamene pali samu yathu yoyamba. Munthu wopumula Lamulungu amagwira masiku 6 pa mlungu, cotero tikiti imodzi imadya milungu 5, pakuti 30 kugawa ndi 6 ndi 5. Pa caka pali milungu 52. Kuculukitsa ndi 6 tipeza masiku 312. Kugawa 312 ndi 30 tipeza matikiti 10, kutsala masiku 12. Ndiko kunena kuti munthu amene sanadwale ngakhale tsiku limodzi anali kulandira malipiro kakhumi pa caka, osati ka 12. Ndipo iye amene anabvomera matikiti 12 poyesa kuti wabvomera caka cimodzi, anali atabvomera masiku 360 a nchito, ndiyo milungu 60, pafupi miyezi 14. Akulu anati safunsa anadya phula; koma munthu angafunse bwanji cinthu cimene sakhoza kuciwerengera?

Ndalama za masiku amenewo nazo zinali zobvuta. Makobiri 12 anali kupanga shilingi imodzi, mashilingi 20 paundi imodzi, motero m'paundi munali makobiri 240. Ici ndico cifukwa cacikulu cimene ana anali kuloweza matebulo kufikira la 12, osalekera pa la 10; ndiponso mainchi 12 anali phazi limodzi, ndi zinthu 12 dazeni imodzi. Tiyerekeze kuti tikiti ya munthu inali ya 25s. Kuti adziwe mtengo wa thukuta lace la tsiku limodzi, anayenera kuyamba wasandutsa mashilingi 25 akhale makobiri 300, nkugawa ndi 30, napeza makobiri 10. Kapena tiyerekeze kuti amuna asanu afukula zitsa pamodzi, napatsidwa £7 13s. 9d. kuti agawane. Mapaundi 7 kugawa ndi 5 ndi paundi imodzi, kutsala awiri. Awiriwo kuculukitsa ndi 20 ndi mashilingi 40. Kuphatikiza 13 aja ndi 53. Kugawa ndi 5 ndi 10, kutsala atatu. Atatuwo kuculukitsa ndi 12 ndi makobiri 36. Kuphatikiza 9 ndi 45. Kugawa ndi 5 ndi 9. Yense alandira £1 10s. 9d. Taonani, m'samu imodzi yomweyi muli kugawa katatu ndi kuculukitsa kawiri, ndipo wophonya pamodzi pokha wamana mnzace.

Miyeso ina inali comweco. Thumba la cimanga linali lolemera mapaundi 200 a pa sikelo, ndipo m'menemo ndimo munali kucokera phoso la anthu. Ekala anali kuiyesa ndi mayadi 70 m'litali ndi 70 m'lifupi, pakuti 70 kuculukitsa ndi 70 ndi 4,900, pafupi zedi ndi 4,840 ya ekala yeniyeni. Ngongole ya ku sitolo ya pa pulazi inali kucotsedwa pa malipiro, ndipo pangano la maiko atatu la 1947 linalamula kuti gawo lina la ndalama za munthu wocokera kumpoto lisungidwe kufikira atabwerera, ndi gawo lina litumizidwe kwa banja lace. Zonsezi zinali ziwerengero za m'buku la wina.

Nanga nzeru ya ziwerengero zolembedwa inacokera kuti? Makolo athu sanali mbuli pa kuwerenga. Anali kuwerenga ndi zala, zisanu zisanu, kufikira khumi, makumi ndi zana. Anali kugawa nyama ya uzimba m'miyulu yolingana. Ndipo katswiri wa nsolo amadziwa, asanakhudze mwala, dzenje limene dzanja lace lidzathere. Cimene analibe ndico njira yolemba. Njira imeneyo inayenda ulendo wautali. Anthu a ku Babulo analemba matebulo oculukitsa pa mapale a dothi zaka pafupi 4,000 zapitazo. Anzeru a ku India anapeza manambala amene tilemba lero pamodzi ndi ziro. Al-Khwarizmi wa ku Baghdad anawafotokoza ca m'ma 825, ndipo Fibonacci wa ku Pisa anawafalitsa ku Ulaya ndi buku lace la 1202. Cizindikiro × cinaoneka m'buku la William Oughtred m'caka ca 1631, ndi ÷ m'buku la Johann Rahn m'caka ca 1659. Kwathu kuno zinafika ndi amishoni: a Livingstonia m'caka ca 1875, a Blantyre 1876, a Likoma 1885 ndi a Mvera 1889. Ndipo popeza 78 m'Cinyanja ndi makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, mau otalika kuwaimba, ana anazolowera kuimba matebulo m'Cingerezi.

Cifukwa ca sukulu za mishonizi, amuna ena a ku Nyasaland anafika ku Rhodesia akudziwa kale colembera, nakhala makalaliki ndi akapitao m'migodi ndi m'mapulazi. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie, wophunzira ku Livingstonia, amene anagwirapo ukalaliki ku Shamva asanakayambitse bungwe la anchito la I.C.U. ku Cape Town m'caka ca 1919. Ku Shamva komweko, m'caka ca 1927, anchito pafupi 3,500 ananyanyala nchito cifukwa ca kucepa kwa malipiro, ndipo otsogolera ao anali a ku Nyasaland. Munthu wokhoza kulinganiza malipiro ace ndi mtengo wa bulangete sakhala cete nthawi yaitali.

Koma ana obadwira m'komboni sanaupeze msanga mwai umenewo. Sukulu ya pulaimale inali ya zaka zisanu ndi zitatu: Sub A, Sub B, ndi Standard 1 kufikira 6. Sukulu zambiri za m'midzi zinali kulekera pa Standard 3, ndipo ngakhale cikonzero ca maphunziro ca 1956, m'nthawi ya Garfield Todd, cinalinga makamaka kuti mwana wa kumudzi aphunzire zaka zisanu zoyambazo. M'zaka za Citaganya, 1953 kufikira 1963, sukulu za Azungu zinali m'manja mwa Boma la Citaganya, koma za anthu akuda zinatsala ndi Boma la dziko liri lonse. Pa pulazi zinthu zinali zobvuta koposa, pakuti sukulu inali kukhalapo ngati mwini pulazi wafuna, ndipo nthawi ya kuthyola fodya ndi kutola thonje ana anali kufunika kumunda. Wofuna makalasi apamwamba anayenera kupeza malo ndi ndalama ku sukulu ya mishoni, monga Howard Institute ya a Salvation Army ku Chiweshe, imene inayamba m'caka ca 1923. Tsono kuculukitsa ndi kugawa kwa manambala akulu ndi kwa ndalama kunali kukhwima m'makalasi apamwamba omwewo. Motero mwana wa pa pulazi, wolankhula Cinyanja kunyumba, Cishona ndi anzace, ndi Cilapalapa kumunda, kawirikawiri anali kusiya sukulu asanafike pa samu imene ikanathandiza atate ace kuwerengera tikiti.

Pambuyo pace ndalama zinasintha. Zambia inayamba kwacha ndi ngwee m'caka ca 1968, Rhodesia dola ndi masenti m'caka ca 1970, Malawi kwacha ndi tambala m'caka ca 1971. M'maiko onse atatu mashilingi khumi anasanduka kwacha imodzi kapena dola imodzi, yogawika pa 100. Masamu a ndalama anapepuka, ngakhale tebulo la 12 linatsala m'mabuku. Ku Rhodesia zaka za pulaimale zinacepetsedwa kukhala zisanu ndi ziwiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Zimbabwe italandira ufulu m'caka ca 1980, Boma linacotsa malipiro a sukulu ya pulaimale, niliika $30 pa mwezi kukhala malipiro ocepetsetsa a wanchito wa pa pulazi. Ana a pulaimale, amene anali pafupi 820,000 m'caka ca 1979, anapitirira 2,000,000 pofika 1985. Koma sukulu za m'mapulazi zinatsalirabe m'mbuyo mwa zinzace.

Kuyambira m'caka ca 2000 mapulazi ambiri a Mazowe analandidwa nagawidwa, anchito ambirimbiri nataya nchito ndi pokhala. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a machona opanda dziko, kufikira malamulo akulu a 2013 anazindikira kuti obadwira m'Zimbabwe, makolo ao ali a maiko oyandikana, ndi nzika. M'mapulazi ogawidwawo munatsegulidwa sukulu zina m'nyumba zakale za Azungu ndi m'mabalani a fodya. Ndipo ana a m'sukulu zimenezo anaona kugawa kumene makolo ao sanakulote: m'mwezi wa August 2006 ndalama ya dzikolo inacotsedwa maziro atatu, ndiko kuigawa ndi 1,000, mu August 2008 maziro khumi, mu February 2009 maziro 12, onse pamodzi 25. Mai wogulitsa tomato pa msika wa Concession amene sanali kudziwa kugawa ndi makumi anali pa ngozi yomwe ija ya agogo ace a tikiti.

Cotero, inu aphunzitsi ndi makolo a m'maiko onse atatu, tikiti inapita, shilingi inapita, koma malipiro, ngongole ya feteleza, thumba la makilogalamu 50 ndi kusinthana kwa kwacha ndi dola zikali kufuna mwana wodziwa kuwerengera yekha. Musamsiye pa kuimba tebulo pokha. Mpatseni samu yocokera m'nyumba mwanu: mizere ya m'munda, mapando pa mzere, ndalama za fodya zogawana pa banja. Mphunzitseni kuti kugawa kumayesedwa ndi kuculukitsa, kuti akapeza matikiti 10 ndi masiku 12 otsala, aculukitse 10 ndi 30, aphatikize 12, aone ngati 312 yabwerera. Mphunzitseninso kufunsa za cotsala, pakuti m'mbiri imene mwamvayi cotsala ndico cinali kusowa kawirikawiri. M'mera mpoyamba.

Tisanasiyane, nayi samu yoti ana aiyese madzulo ano. Munthu analembedwa matikiti 18, nadwala milungu iwiri yathunthu. Kodi anatha milungu ingati asanamasuke? Wopeza 92 wakhoza.