Bawo, Phiri la Mangochi ndi Nkhondo ya Chiwaya

Lero tipumuleko pa za mizere ndi manyowa. Tikambe za nkhondo zimene zinapita kuno ku Namwera, ndiponso za masewera amene anthu ayesezera nawo nkhondo.

Tiyambe ndi bawo, popeza inu nonse mulidziwa. Lili ndi maenje 32 ndi njere 64. Munthu ali ndi nyumba yake yoitchinjiriza, amadya njere za mnzake, ndipo amene mzere wake wa kutsogolo watha ndiye wagonja. Katswiri wa bawo sathamangira kudya ai, amayamba wawerenga njere zimene zamtsalira m'dzanja.

Azungu nawonso ali ndi masewera otere. M'chaka cha 1824 msilikali wina wa ku Prussia, dzina lake Georg von Reisswitz, anaonetsa akulu a nkhondo masewera otchedwa Kriegsspiel. Ankayala mapu pa tebulo, naikapo tizitsulo tofiira ndi tabuluu toimira magulu a asilikali, ndipo pakati pankakhala woweruza. Ajeremani atagonjetsa Afalansa mu 1871, maiko ena anayamba kuphunzitsa akapitao ao masewera omwewo. Mu 1913 mlembi wa ku England, H. G. Wells, anatulutsa buku lotchedwa Little Wars, la malamulo osewerera nkhondo ndi tizidole, ndipo kufikira lero alipo akulu-akulu a ndevu zao amene amapaka utoto tiasilikali tating'ono nachezera usiku pa tebulo.

Koma tsono njere ya bawo siimva njala, kachidole sikatupa mapazi. Nkhondo zathu zenizeni zinali za mtundu wina.

Kale-kale anthu a kuno sankamanga pa chidikha monga tichitira ife. Chifukwa cha Angoni ndi ogwira akapolo, midzi inali m'mapiri, minda ndi nkhokwe zili pafupi, kuti adani akazinga anthu asafe ndi njala. Mfumu Jalasi, imene Azungu ankailemba Zarafi, inamanga mudzi wake waukulu pa phiri la Mangochi. Tisabise mau: mfuti ndi wonga za Jalasi, Makanjira ndi Mponda zinkachokera ku malonda a minyanga ndi akapolo opita ku nyanja ya mchere, ndipo ndicho chimene chinawayambanitsa ndi Harry Johnston, amene anamanga Fort Johnston mu 1891 moyang'anana ndi mudzi wa Mponda.

Poyamba zinthu sizinawayendere Angelezi. Mu December 1891 Captain Maguire anaphedwa pamene anapita kukaononga zombo za Makanjira. Mu February 1892 Mzungu wina, J. G. King, anakwera kudzamenya Jalasi, koma iye mwini analasidwa, gulu lake linabwerera liwiro, ndipo mzinga wao unatsala m'manja mwa Jalasi. Amene munakwerapo phirilo mudziwa chifukwa chake. Wokwera amafika ali wefu-wefu, kamba wake ali pamutu pa wina m'munsi, pamene mwini phiri wadya nsima yake ndipo wabisala kuseri kwa mwala. Angelezi anadikira zaka zitatu ndi miyezi, nasonkhanitsa asilikali Achimwenye a mtundu wa Sikh ndi askari a kuno, ndipo mu October 1895 Major Edwards analanda phirilo. Jalasi anathawira ku dziko la Apwitikizi. Pa malo a mudzi wake anamangapo linga la Fort Mangochi.

Nkhondo imene inafika m'nkhokwe ya munthu aliyense ndi ya 1914, imene makolo anaitcha ya Chiwaya chifukwa cha mfuti ija yolira mosalekeza. Pa nyanja inatha msanga: mu August 1914 sitima ya Guendolen inapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pa mtunda ku Sphinxhaven, niiombera. Mfuti ya Guendolen anaiika pafupi ndi nsanja ya wotchi ku boma la Mangochi. Koma pa mtunda inakhalitsa. Mu November 1917 mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anaoloka mtsinje wa Rovuma nalowa ku Mozambique, ndipo mu 1918 Namwera anasanduka njira ya asilikali a Keyala ochokera ku Fort Johnston kunka kum'mawa ku mtsinje wa Lujenda.

Apa ndipo ndifuna muwerenge nane, monga muchitira pa bawo. Mtengatenga mmodzi ankasenza mapaundi 50 kapena 60. Tinene kuti adya mapaundi 2 pa tsiku. Ulendo wa masiku 10 kupita ndi 10 kubwerera, iye yekha wadya mapaundi 40, ndipo chofika kwa msilikali nchochepa ndithu. Chotero nkhondo ikamapita kutali, ndi pamene inkafunanso anthu ambiri. Dziko lino linapereka asilikali pafupi-fupi 19,000, koma amtengatenga anali pafupi-fupi 200,000. Von Lettow anachenjera mwa njira yake: sankadikira katundu wochokera kumbuyo, ankangolanda mosungira katundu mwa Apwitikizi ndi nkhokwe za m'midzi imene apitamo. M'mabuku amamtama kuti sanagwidwe kufikira nkhondo inatha mu November 1918. Kwa ine, kutama kumeneko kuiwala eni ake a mapira amene iye anadya.

Inu anyakwawa, ganizani za amene anakhala pa mipando yanu masiku amenewo. Boma linkafuna amuna, linkafunanso ufa, zonse pa mudzi umodzi. Nyakwawa wokana ankaona zakuda, wovomera ankadedwa ndi anthu ake. Minda inatsala ndi amai ndi nkhalamba, zokolola zinachepa, ndipo amuna pobwera ali ofooka anakumana ndi nthenda ya fuluwenza ya 1918 ndi 1919, imene inapha anthu ochuluka.

Obwerawo anafalitsanso masewera ao-ao a nkhondo. Ndiwo gule wa beni, amene tivina kuno, wokhala ndi maudindo a usilikali, mayunifomu ndi kuguba kwa perete. Ndipo makoma a linga la Fort Mangochi akalipo pa phiri paja, mitengo itamera m'kati mwake; aphunzitsi ofuna kukwera ndi ana a sukulu achite m'chilimwe, udzu utapsa.