Njala Itatha, Mantha a Mkaka ku China

Akuluakulu akale adati njala ndi chilombo. Munthu amene chilombochi chamupana safunsa za ukhondo wa chakudya, amangofunsa ngati lero kudya kulipo. Mbiri ya dziko la China ikuchitira umboni mawu amenewa.

Pakati pa 1959 ndi 1961 njala idapha anthu mamiliyoni ambiri m'dzikolo. Deng Xiaoping atayamba kusintha kayendetsedwe ka chuma mu 1978, zokolola zidachuluka, ndipo mu 1993 boma lidathetsa makuponi ogulira chakudya. Ndalama zitayamba kupezeka, mabanja ambiri adazolowera kugulira makanda awo mkaka wa ufa.

Mu 2008 kudadziwika kuti ena ankasukuluza mkaka ndi madzi n'kuthiramo mankhwala otchedwa melamine kuti apusitse oyeza. Makanda 6 adamwalira, ena pafupifupi 300,000 adadwala impso. Mkwiyo wa anthu udachititsa boma kukhazikitsa lamulo latsopano loteteza zakudya mu 2009. Makolo adakhamukira ku Hong Kong kukagula mkaka wakunja, mpaka mu 2013 akuluakulu a kumeneko adaletsa munthu kutuluka ndi zitini zoposa ziwiri.

Motero mdzukulu wa amene ankalirira mbale ya mpunga lero amayamba wafunsa chomwe chili m'mbalemo.