Kumene Dzina Loti Kimura Lidachokera

Ambiri a ife tikamaonera masewera omenyana a MMA pa kanema timamva aulutsi akufuula kuti "kimura!" Ndati tikumbutsane kumene dzinali lidachokera.

Pa masewerawa munthu sapambana ndi nkhonya zokha ayi. Amathanso kupana mnzake pakhosi kapena kumpotokola chiwalo mpaka agonje. Wopanidwayo akamenya pansi ndi chikhatho, ndiye kuti wavomera, ndipo amamasulidwa nthawi yomweyo. Kimura ndi kagwiridwe kamodzi kotere. Munthu amagwira mnzake pamfundo ya dzanja, nkulowetsa mkono wake winawo kunsi kwa mkono wa mnzakeyo, nkudzigwira yekha padzanja. Akatero amakankhira mkono wopindawo chakumsana, kotero kuti phewa ndi chigongono zimafuna kuguluka.

Kagwiridweka kadalipo kale m'masewera a judo, amene Jigoro Kano adayambitsa ku Tokyo m'chaka cha 1882. Katswiri wina wa judo, Mitsuyo Maeda, adafika ku Brazil mu 1914 ndipo adaphunzitsa Carlos Gracie. Banja la Gracie lidakuza lusoli mpaka lidatchuka ndi dzina loti jiu-jitsu wa ku Brazil.

Pa 23 Okutobala 1951, Hélio Gracie, mng'ono wake wa Carlos, adalimbana ndi katswiri wa ku Japan, Masahiko Kimura, pa bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro. Kimura adamgwira motere mpaka mkono udathyoka, koma Hélio adakana kugonja. Carlos ndiye adaimitsa nkhondoyo kuti apulumutse mbale wake.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi chakuti dzinali lidaperekedwa ndi ogonjawo. Anthu a jiu-jitsu ku Brazil sadabise manyazi awo. Adatenga kagwiridweko, nakaphunzitsa ophunzira awo, nakatcha dzina la munthu amene adawagonjetsa. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Nkhaniyi siidathere pomwepo. Mu 1999 ndi 2000, Mjapani wina, Kazushi Sakuraba, adagonjetsa Royler Gracie, mwana wa Hélio, kenaka Renzo Gracie, mdzukulu wa Carlos, ndi kagwiridwe komweko. Onse awiri adakana kumenya pansi monga adachitira Hélio, ndipo woweruza ndiye adaimitsa nkhondozo. Renzo adatuluka m'bwalomo chigongono chitaguluka.