Pangano la m'Nyumba ya Mulungu, 1991

Lero tikambirane za pangano. Akristu amaphunzitsa kuti pamene anthu awiri apangana, Mulungu amaimapo ngati mboni yacitatu. M'buku la Genesis, Yakobo ndi Labani anaunjika miyala naitana Mulungu kuti aziwayang'anira atapatukana. Mneneri Malaki anadzudzula amuna osiya akazi ao, nawakumbutsa kuti Mulungu analipo tsiku la ukwati. Yoswa anasunga lumbiro lace kwa Agibeoni cinkana anamnyenga. Ciphunzitso cimeneci cinaoneka mphamvu yace m'mbiri ya Lusaka.

M'mwezi wa June 1990 boma linakweza mtengo wa ufa, ndipo m'makomboni munabuka cipolowe, anthu nafa. Pa 30 June msilikari wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti boma lagwa, koma anagwidwa tsiku lomwelo. M'mwezi wa July anthu anasonkhana ku Garden House Hotel pa mseu wa Mumbwa, pafupi ndi Kanyama, nayambitsa gulu la MMD. Pofika December Pulezidenti Kenneth Kaunda anasaina lamulo lolola zipani zambiri.

Koma mu 1991 panauka mkangano. Bungwe lotsogozedwa ndi Patrick Mvunga linalemba malamulo atsopano a dziko, ndipo a MMD anawakana, nati apatsa pulezidenti mphamvu zoposa muyeso. Anaopseza kuti sadzalowa m'cisankho. Mbali ziwirizi zinalibe malo okhulupirirana. Pamenepo atsogoleri a mipingo anaitana a Kaunda ndi a Frederick Chiluba, mtsogoleri wa mabungwe a anchito, ku Cathedral of the Holy Cross m'mwezi wa July. Kumeneko anabvomerezana kukonza malamulowo, ndipo Nyumba ya Malamulo inawalandira mu August.

Cifukwa ninji anakomana m'nyumba ya Mulungu? Ku State House mmodzi akadakhala mwini nyumba, mnzace mlendo. M'kacisi onse awiri anali alendo, ndipo mau ao anamveka pamaso pa Mboni imene palibe angaicotse nchito.

Cisankho cinacitika pa 31 October 1991. A MMD anatenga mipando 125 mwa 150. A Kaunda, amene analamulira zaka 27, anabvomera kugonja, ndipo a Chiluba analumbira pa 2 November. Pa 29 December analengeza kuti Zambia ndi dziko Lacikristu, napereka dzikolo m'pangano ndi Mulungu.

Akuru amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndiko kuti mau olumbira ali ndi mtengo wace. Malamulo a 1991 anati munthu asakhale pulezidenti koposa kawiri, zaka zisanu zisanu. Mu 2001 otsatira a Chiluba anafuna kusintha lamulolo kuti aimenso kacitatu. Mabungwe atatu a mipingo, la Akatolika, la Christian Council ndi la Evangelical Fellowship, anagwirizana ndi maloya ndi mabungwe a amai m'gulu la Oasis Forum, nakana. Iye amene anaitana Mulungu kukhala mboni sakadatha kuuza mipingo kuti nkhaniyo si yao. M'mwezi wa May 2001 a Chiluba analengeza kuti sadzaimanso.

Tsono, abale, phunziro ili liri pafupi ndi ife. Amai a ku Kanyama ndi ku Chawama amene asonkha cilimba salemberana kalata kwa loya. Wolandira woyamba amapitiriza kusonkha kufikira wotsiriza atalandira. Comweconso wa lendi ndi mwini nyumba, wangongole ndi wa kantemba, mwamuna wa ku mgodi ndi mkazi wace wotsala kumudzi. Mwa Mateyu, Yesu anaphunzitsa kuti lumbiro silifunika konse, pakuti mau wamba a munthu amanenedwa kale pamaso pa Mulungu. Cifukwa cace musanapangane, yesani mphamvu zanu; mutapangana, kumbukirani Iye amene analipo.